Pemphero la Abambo Lopanda Mawu

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kuulula kuti sabata yonse ino sindikupeza tulo. Ndikagona ndimangotembenuka, ndikati ndipemphere mawu amandithera panjira. Si matenda ayi, musade nkhawa, ndipo si za kuntchito. Ndi akamwini anu, ndi zimene achita ndi mawu a malemu abambo. Koma ndisathamange ngati mwana wosaleredwa.

Muli bwanji Amayi? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena mwayambiranso zija zomasiya mukangomva bwino? Ine kuno Mulungu akundisunga. Mzime wanu nayenso ali bwino, kungoti mwezi uno akugwira usiku kuchipatala, ndiye timangokumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja amakubweretserani katundu. Ndikanakuimbirani foni, koma nkhaniyi pakamwa ingandikanike. Komanso m'nyumba muno paliponse pali makina ojambula mawu. Munthu ukangoyetsemula, mawa udzimva uli m'nyimbo.

Mwakhala mukundifunsa kuti kodi alamu amagwira ntchito yanji kwenikweni, ine n'kumangoyankha kuti ndi opeka nyimbo ndipo amaphunzitsa kukoleji. Ndinkasunga ulemu wa mng'ono wanga. Lero ndikuuzani zonse, chifukwa simungaweruze nkhani imene ndikubweretseraniyi musanadziwe munthu wake.

Mukukumbukira pa ukwati wawo mmene anakhalira pa limba la m'tchalitchi, azimayi a kwaya mpaka kugwetsa misozi? Munthu uja kuimba amatha, n'chimene chimandiwawa. Akanakhala wosatha ndikanamumvera chisoni. Koma sukulu yakunja ija inawaononga makutu. Zimene akupeka masiku ano palibe imene mungaing'ung'udze mukutsuka mbale. Ilibe poyambira, ilibe pothera, ilibe pamene munthu ungalowere n'kuthandizira.

Pabalaza pali piyano yaikulu, moti podutsa timayenda cham'mbali. Chivundikiro chake chimangokhala chotsegula ngati galimoto yakugalaja. Pakati pa mawaya ake amalowetsamo mabawuti, timalabala ta ana asukulu, ndi zina zimene munthu wabwinobwino amasesa n'kutaya. Nthawi ina mapegi anga oyanikira zovala anasowa onse. Ndinakayikira mayi oyandikana nafe, Mulungu andikhululukire, mpaka ndinasiya kuwapatsa moni wabwino. Ndikupukuta fumbi ndinawapeza atapanidwa pa mawaya a piyano, ndondolo ngati mbalame pa waya wa magetsi. Nditafunsa, alamu anadinda kamodzi n'kunditembenukira nkhope ili mwee, amvekere alamu, mwamva mmene ikulirira tsopano? Ndinati ndamva ndithu, ikulira ngati ndowa yogwera m'chitsime. Anasangalala Amayi! Akuti n'zimene ankafuna.

Nyimbo zawo amalemba pa mapepala aakulu ngati thebulo. Musaganize za manotsi aja a m'buku la kwaya. Ndi mizere yokhotakhota, timadontho ngati pamene patera ntchentche, ndi malangizo. Ndinawerengapo pena polembedwa kuti woimba adikire mpaka wina m'holo atatsokomola. Ndinafunsa kuti nanga onse akabwera ali athanzi mudzagona komweko? Akuti chimenecho n'chimene chimakometsa.

Chitseko cha kubafa chimalira kwiii, ndipo anatiletsa kuthira mafuta mpaka atamaliza kuchijambula. Firiji anaijambula. Mpopi wodontha anaujambula, pulambala akudikira panja ndi zida zake. Koma chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene ananditsatira kuntchito. Mukudziwa kuti ndimachapa ndi kusita nsalu za kuhotela, m'chipinda chapansi chotentha ngati ng'anjo. Munthu wamkulu, wamadigiri ake, anagwada patsogolo pa makina oumitsira nsalu atanyamula chojambulira chaubweya chonga mphaka wakufa, maso atatsinzina ngati walandira mzimu. Anzanga anathawira kuseri kwa mashelefu kukaseka. Akapitawo athu, mayi achikulire osachedwa kuyankhula, anandikokera pambali n'kufunsa ngati kwathu tinayesapo kuwatengera kumapemphero. Mpaka lero makina akangoyamba kugogoda anzanga amakuwa kuti itanani alamu, kwaya yayamba.

Kuholo kwawo ndinapitako kamodzi, chifukwa mzime wanu anandichonderera. Anthu ake owerengeka, onse zovala zakuda ngati pamaliro, ena atakulunga nsalu m'khosi kunja kukutentha. Oimba vayolini anakhala pansi n'kuyamba kukwecha, wina pa waya, wina pa thabwa lenilenilo, mayi wina ataima pambali akungochita sii ngati tayala lophulika. Ine ndinkaona ngati akukonza zida kuti ayambe. Ndinangodzidzimuka anthu akuomba m'manja, nyimbo yatha. Potuluka bambo wina wandevu anagwira alamu dzanja n'kunena kuti nyimboyo yamutsegula m'kati. Ndinati mumtima, chikhala mwatsegula m'mimba bambo, chimbudzi chili uko.

Koma akuti kunja amawatama. Amakwera ndege kukamvetsera anzawo akukwecha, anzawonso amabwera kudzamvetsera iwo. Chikho china chimene anapatsidwa n'chimene timatchingira chitseko cha kukhitchini kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo ndikuona kuti ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo.

Ndisachimwe, ndinenenso zabwino. Mowa samwa. Mwana wanu sanamukwezerepo dzanja ngakhale mawu. Akakhala ku ntchito ya usiku amamuphikira n'kumusungira m'mbale yovundikira. Ine chibwerere m'nyumba muno sanandionetsepo kuti ndine wosungidwa. Nthawi zina ndimalakalaka akanakhala munthu woipa, chifukwa kukwiyira munthu wofatsa n'kotopetsa.

Tsopano nkhani ija.

Mukukumbukira mapemphero amene abambo ankanditumizira pa foni chaka chawo chomaliza, inu mutawagwirira foni pafupi ndi pakamwa chifukwa manja awo ankanjenjemera. Sindinafufute ngakhale limodzi. Foni ija itagwa n'kusweka galasi ndinachita mantha kuti mawu a abambo apita nayo. Ndiye ndinapempha alamu, poti makina ndiwo munda wawo, kuti andisamutsire mu kompyuta. Anandisamutsira bwinobwino, foni yatsopano nditagula anandiikiramonso. Ine ndinathokoza n'kuiwala. Sindinaganize kuti munthu wojambula firiji sangasiye mawu a munthu.

Lamulungu lapitali titachokera kutchalitchi anatiitana pabalaza, ine ndi mzime wanu. Anakhala kunsonga kwa mpando akupotokola zala ngati mnyamata wodzafunsira mbeta. Akuti pali chimene akhala akupanga kwa miyezi, ndipo anayenera kutiuza kale koma ankaopa. Atenga mapemphero a abambo n'kuchotsamo mawu onse. Onse, Amayi. Adula liwu lililonse palokhapalokha, n'kusiya mpweya wokha umene abambo ankakoka pakati pa mawu. Mpweya umenewo akufuna uzimveka pa masipika m'holo, oimba vayolini anayi azitsatira: abambo akakoka mpweya iwo akoke uta, akatulutsa iwo akankhe. Ndiyo nyimbo yake imeneyo. Ndipo yakonzedwa kuti iimbidwe Loweruka la sabata yamawa.

Ndinafunsa ngati akutanthauza kuti dzina la Ambuye analidula ndi kompyuta ngati ulusi wolendewera pa malaya. Ndinati mwataya mbewu n'kusunga mankhusu, ndiye mukufuna tikuombereni m'manja? Abambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosatuluka m'nyumba malaya asanapisire, ndipo chifuwa chija chinkawachititsa manyazi moti alendo akabwera ankadzikakamiza kupuma mwakachetechete. Lero chifuwa chomwecho chikaulutsidwe pa masipika kuti a ndevu aja akatseguke m'kati?

Iwo sanakweze mawu. Akuti mapemphero enieniwo sanawakhudze, alipo amphumphu, adula pa kope chabe. Akuti mawu aja ndi a Mulungu ndi ife ana, sangawapereke kwa anthu achilendo, n'chifukwa chake anawachotsa. Koma mpweya, akuti, aliyense m'holo muja ali ndi bambo kapena mayi amene anaumvapo. Ndinati alamu, matenda a abambo anga si ng'oma.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mzime wanu anali kumbali ya mwamuna wake. Akuti iye kuchipatala amamva kupuma kotere tsiku ndi tsiku, palibe amene amakumvetsera, amangoyang'ana manambala pa makina. Akuti tsiku limene abambo anatisiya iye anali kutali akusamalira makolo a eni ake, ndipo ngati pali njira yoti anthu akhale chete n'kumvetsera abambo ake akupuma, iye sakaniza. Ndinamuuza kuti anakwatiwa ndi phokoso ndiye makutu ake anafa kale. Amvekere achemwali, mukuweruza, koma mwamvera kaye? Ndinati sindifunika kulawa matope kuti ndidziwe kuti si chakudya. Ndinakalowa kuchipinda kwanga n'kumenyetsa chitseko. Mawu amenewo ndinamupepesa mawa lake, koma tikuyankhulana ngati anthu okumana pachipatala.

Lolemba ndinakaonana ndi abusa. Ndinkayembekezera kuti adzudzula, ine ndibwerere kunyumba ndi ndodo. Anakanda kumutu n'kunena kuti pa zaka zonse za ubusa wawo nkhani yotere sanakumanepo nayo, ndipo sakufuna kundinamiza kuti pali ndime yoletsa. Anangofunsa ngati mwini wake wafunsidwa. Ndinati mwini wake ali kumanda. Akuti ayi, akunena mayi amene ankagwira foniyo.

Alamu nditawauza anavomereza msanga. Akuti abusa anena zoona, ndipo iwo analakwa kuyamba musanavomere. Akuti mukakana, nyimboyo aichotsa pa ndondomeko ndi kuifufuta yonse mu kompyuta, osatsala kanthu, ndipo sadzaitchulanso. Kungoti a kuholo akufuna yankho lisanadutse Lachisanu, kuti oimba adziwe chokonzekera.

Apa ndiye pamene ndiyenera kuulula, Amayi, chifukwa kalatayi ndinkafuna ithere pamwambapa, inu mukane, nkhani ithe.

Lachiwiri nditaweruka masana ndinapita kumene amakonzekera. Ndinadziuza kuti ndikupita kukaona uchitsiru wake ndi maso anga kuti ndikulembereni zoona zokhazokha. Ndi chipinda cha kukoleji chopanda mawindo, makoma ake omata zinthu zonga mathireyi a mazira. Ndinakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, nsapato zakuntchito zili kuphazi. Oimba aja analipo, atatu ndi mavayolini awo, wachinayi bambo wonenepa atakumbatira chivayolini chachikulu pakati pa miyendo. Ankaseka za mpira. Alamu anakweza dzanja, onse zii.

Kenako abambo anakoka mpweya.

Amayi, sindikudziwa ndilembe bwanji. Mapemphero aja ndawamvera kosawerengeka, koma pa foni amakhala mawu a abambo. Apa anali abambo. Kakhweru kaja ka m'chifuwa mwawo. Kumeza malovu kuja asanayambe chiganizo. Mpando wawo wa pakhonde ukulira akamasuntha. Ndi inunso mulimo, Amayi, kaya mukudziwa. Ameni wanu anamuchotsa, koma pali pamene mumakoka mamina pang'ono, ndi pamene mphete yanu imagunda foni. Mavayolini aja sankaimba nyimbo ayi, ankangoyenda nawo pang'onopang'ono, monga mmene tinkawagwirira mkono popita kuseri.

Poti mapempherowo ndimawadziwa pamtima, ndinkadziwa pamene tili ngakhale mawu palibe. Apa akuthokoza chifukwa cha tsiku. Apa akupempherera mpingo, apa odwala. Apa inu. Kenako ife ana, monga ankachitira, kuyambira wamng'ono kukwera m'mwamba. Asanatchule mzime wanu amakoka kampweya kopepuka, ngati akufuna kuseka. Asanatchule achimwene amakoka kamodzi, mwamphamvu, monga munthu wouza mnzake zochita. Ndiye pamabwera pa dzina langa.

Pamenepo amaima. Amakoka mpweya, osakwana, n'kukokanso kachiwiri, ngati munthu amene akufuna kusenza thumba lolemera ndipo akuyamba wayesa kaye kulemera kwake. Kenako kachetechete. Oimba aja nawonso anaimika mauta m'mwamba, kudikira. Pemphero lotsatira chimodzimodzi. Linalo chimodzimodzi. Palibe limene anafika pa ine n'kungodutsa.

Atamaliza ndinapita kwa alamu n'kuwanena kuti pamenepo atalikitsa dala ndi makina awo kuti anthu amve chisoni. Anandiveka zomvera za m'makutu n'kundiikira pemphero lenileni, la mawu ake. Zinali momwemo, Amayi. Zakhala zili momwemo nthawi yonseyi m'foni mwanga. Ine sindinkazimva chifukwa ndinkathamangira kumva dzina langa.

Banja langa litatha, abambo anangonena kuti chipinda chako chilipo, bwera. Sanafunse, sanadzudzule, sanatchulenso. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji akukamba za mvula. Ine ndinkati nkhani yanga anaitenga mopepuka, ndipo ndivomere kuti pena zinkandiwawa kuti sinawakhudze. Osadziwa kuti madzulo aliwonse ankayamba apuma kawiri kuti andinyamule.

Ndinakalira kuchimbudzi cha kukoleji, mpopi nditatsegula kuti asandijambule. Nditasamba kumaso ndinabwerera n'kuuza alamu kuti ndamva, ndipo ndi phokoso basi. Amvekere inde alamu. Ndinapempha kuti nyimboyo andiikire pa foni kuti ndikamvetsetse kuipa kwake. Anakana. Akuti si yawo, si yanga, ndi ya Amayi, ndipo sichoka mu kompyuta muja kupita kulikonse inu musanayankhule. Munthu wofatsa koma wouma mutu ngati chitsa.

Ndayesa kumvera mapemphero a m'foni aja kuti ndipeze malo amenewo ndekha. Ndimawapeza, koma mawu amabwera msanga n'kuphimba, ndipo mavayolini aja odikira nawo palibe. Si chimodzimodzi. Zikundichititsa manyazi kulemba kuti pemphero lopanda dzina la Mulungu landigwira kuposa lokhala nalo. Ndapempha chikhululukiro pa chimenechi, ndipo sindikudziwa ngati ndi tchimo kapena ayi.

Maganizo anga pa ntchito ya alamu sanasinthe. Munthu amene Mulungu anamupatsa zala zotere sayenera kutha moyo wake akugwadira makina ochapira. Ndipo ndikaganiza za anthu a nsalu m'khosi aja atakhala ndondolo kumvetsera chifuwa cha abambo, kenako n'kuomba m'manja, kenako n'kutuluka kukamwa vinyo akuuzana kuti zinali zakuya, ndimangofuna mukane. Adzafika pa malo anga aja, adzadikira nawo, osadziwa kuti akudikira ndani. Mwina ndi bwino kuti sadzadziwa. Mwina n'chipongwe. Ndasinkhasinkha mpaka mutu kuwawa.

Inu ndi amene munagona pafupi ndi chifuwa chimenecho zaka zonse zija, ndi amene munkadzuka chikasintha kaliridwe. Ine ndi mzime wanu tikukangana za chinthu chimene si chathu. Chimene munganene, tonse atatu tamvana kuti titsatira.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu akazi awo, muwauze kuti nkhaniyi ndakuuzani inu poyamba osati mowaderera. Moni kwa azakhali, ndamva kuti maso akuwavuta, tikuwapempherera. Amalume muwauze kuti jekete lija ndinapeza koma la msinkhu wawo kunalibe. Mwana wanga mumupsompsone, mumuuze alimbikire masamu ndipo asamakuyankheni akuyenda. Kalatayi asakuwerengereni iye, chonde, muitanitse achimwene ngati zilembo zanga zachepa.

Adalaivala afika kumeneko mawa madzulo. Werengani mofatsa, mugone nayo nkhaniyi, mupemphere, koma mundiimbire lisanadutse Lachisanu. Imbani masana ndili kuntchito, kuti ndiyambe kumva ndine. Mukalola, ndipita kuholoko ndikakhale kumbuyo, ndipo sindikaomba m'manja. Mukakana, ndikhala woyamba kukuthokozani. Koma Amayi, mukamakana mukane za kuholo zokha. Alamu amamvera mawu anu onse monga mwawanenera, ndiye mukangoti ayi afufuta tsiku lomwelo. Muwauze kuti asafufute.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu wachisamba.